Mabawuti Anayi

Kuseri kwa sitolo ya matayala kunali galaja ya makina ang'onoang'ono, ndipo mwini wake anali makaniko amene dzina lake lenileni anthu adaliiwala kalekale. Onse ankangomuti Zotsala. Dzinali silidagwe kumwamba ayi. Munthuyu akamasula jenereta, pampu kapena makina otchetchera kapinga, pomanganso sipankalephera kutsala kanthu patebulo: kawashala, kasipuling'i, bawuti, nthawi zina chitsulo chathunthu. Ankachitola, n'kuchiyang'ana uku ndi uku, kenaka n'kuchiponya m'chitini cha penti chomwe chinkakhala pansi pa tebulo. Mwini makina akayamba kudandaula, iye ankangokoka chingwe, injini n'kulira.

"Yalira kapena sinalire?" ankafunsa motero.

"Yalira."

"Ndiye mukufunanso chiyani? Opanga zinthuzi ndi amantha. Pofunika mabawuti awiri amaikapo anayi, kuopa milandu. Ine ndimangochotsa mantha awowo."

Tisamunamizire, dzanja anali nalo. Injini yoti amakaniko ena aikana, iye ankaimvetsera ndi khutu basi n'kudziwa pomwe pakudwala. Tsoka lake linali lomwelo, chifukwa munthu amene zake zimayenda sauzika. Chitini chija chidadzaza, n'kuyamba chachiwiri.

Banja lake lidatha ndi khalidwe lomweli. Mkazi wake, mayi woluka tsitsi wodziwika mumsewu wonse, adapirira zambiri. Adapirira feni yopanda chotchinga, adapirira ayironi yogwira nyesi. Koma tsiku lomwe chitofu cha gasi chidalavula moto mpaka kunyambita makatani, chifukwa kamphira kena kadapita m'chitini, mayiyo adalongedza zake n'kutenga mwana. Mwanayo anali mmodzi yekhayo, mtsikana, tsopano wa zaka khumi. Adagwirizana kuti Loweruka lililonse azibwera kwa bambo ake m'mawa, n'kubwerera dzuwa lisanalowe.

Loweruka limenelo ndilo linali moyo wa Zotsala. Masiku enawo ankangokankha. Lachisanu ankasesa m'galaja, kupukuta kabokosi komwe mwanayo ankakhalapo, n'kusamba m'manja ndi sopo waufa mpaka zikhadabo kuyera. Koma nalonso Lowerukalo linali litatsala pang'ono kumupulumuka. Miyezi iwiri m'mbuyomo adamukonzera mwanayo njinga, buleki yakumbuyo n'kuisiya, ati yakutsogolo ikwanira. Mwana adabwerera kwa mayi ake dzino litabenthuka.

"Bambo a mwana, mundimvetse," adatero mayiyo ataima pakhomo pa galaja, osalowa. "Akadzabweranso ndi bala, ngakhale kakang'ono, Loweruka lanu latha. Mawu awa sindidzawabwereza."

Kuwonjezera apo mwanayo ankakula. Kale ankasangalala kupatsira bambo ake masipanala, koma tsopano ankangokhala pakabokosi paja kuyasamula, n'kumafunsa nthawi. Loweruka lina sanabwere n'komwe. Anapita ndi anzake kubwalo kumene ana amakwera timagalimoto tampikisano totchedwa gokati, topanda denga, tofupika pafupifupi kukhudza pansi, injini ili kuseri kwa mpando. Sabata yotsatira anafika pagalaja pakamwa posatseka.

"Adadi, ndinawapitirira onse! Ndi anyamata omwe! Koma akuti bwalolo akutseka, timagalimototo akugulitsa."

Zotsala sanamvenso china. Anaona chingwe chomangira mwana wake pagalaja. Lolemba m'mawa anabwereka galimoto ya mnzake, ulendo kubwaloko.

Wogulitsa anali mdala wina wowonda, imvi zili mbuu, amene adasamalira timagalimoto timeneti zaka makumi awiri. Eni bwalo anamusiyira iye ntchito yotigulitsa. Pamtengo sanavutane. Anavutana pa zina. Popeza galimoto yobwereka ija inali yaing'ono, anayenera kumasula matayala, mpando ndi zina kuti kagalimotoko kakwane. Mdala ankaika mabawuti a chinthu chilichonse m'kathumba kakekake, akuwerenga mokweza, uku Zotsala akugwedeza mwendo.

"Wokwera wake ndi mnyamata kapena mtsikana?" anafunsa mdalayo.

"Mtsikana, madala. Koma musamuderere, ndi moto."

"Tsitsi?"

"Mayi ake ndi oluka, ndiye mungodziwa. Zingwe mpaka m'chiuno."

Mdala anaika sipanala pansi. Anatola chitsulo china chopindika, chachikasu, chomwe chimaphimba tcheni ndi ekiselo, ndodo yachitsulo ija yozunguza matayala akumbuyo. Pachivundikiropo panali mawu a penti yofiira, olembedwa ndi dzanja lake lomwe: OSACHOTSA.

"Taonani kuno, bambo. Injini ikakuvutani, matayala akatha, zimenezo ndi zanu. Koma ichi chimangidwe mwana asanakhale pampando. Mabawuti ake ndi anayi, awa. Ekiseloyi ili chikhatho chimodzi kuchokera pamsana pa mwana, ndipo ikamazungulira siyisankha. Tsitsi alilowetse m'kansalu aka, lonse, osatsala ndi chingwe chimodzi, kenaka chipewa cholimba pamwamba."

"Madala, ine ndine makaniko."

"N'chifukwa chake ndikukuuzani kawiri. Osadziwa makina amamanga chilichonse, chifukwa amaopa. Ovuta ndinu odziwanu. Zomwe ndidaona pabwalo pano chaka changa choyamba sindikuuzani, mungalephere kudya."

Zotsala anaseka, nalandira chipewa ndi kansaluko. Mawu a mdala analowa khutu ili n'kutulukira linali. Pobwerera ankadziuza yekha kuti munthu akakalamba ntchito imene imamutsalira ndi yoopseza anzake.

Sabata yonseyo ntchito za eni zinaima. Anatsuka injini, anasintha pulagi, anagula tcheni chatsopano, anapenta kagalimotoko kofiira psuu, n'kulemba kutsogolo kwake kuti BWANA, dzina lomwe ankamuitanira mwanayo. Lachinayi anafika pa chivundikiro. Mabowo atatu analingana, koma lachinayi linaphonya pang'ono, chifukwa kachitsulo kogwirira kanali katapindika m'galimoto muja. Inali ntchito ya tupa ndi nyundo, mphindi zisanu osapitirira. Koma Zotsala anayamba kuchiyang'ana uku ndi uku, monga mwa chizolowezi chake. Tcheni ukachiphimba, pothira mafuta uyambe wamasula. Nanganso tcheni chatsopano chonyezimira chotere, kuchibisa? M'chitini chivundikirocho sichinakwane, ndiye anachikoloweka pamsomali kukhoma. Mabawuti anayi aja ndiwo analowa m'chitini. Kansalu kaja anapukutira girisi m'manja, n'kukaponya pakona.

Lachisanu masana foni inalira.

"Bambo, ndine wa kagalimoto uja. Chivundikiro mwamanga?"

"Ndamanga, madala."

"Onse anayi?"

"Onse anayi. Mtima ukhale m'malo."

Atadula foni anatsonya. "Nkhalamba iyi ikufuna kundiphunzitsa ntchito pagalaja panga pomwe?" Abale, bodza lina limatuluka mosavuta ngati malovu, mwini wake osamva n'komwe kuti wanama.

Loweruka m'mawa mayi uja anafika naye mwana. Dzulo lake anali atamuluka masana onse, zingwe zazitali za meshi, tsitsi logula lija, mikanda yoyera kunsonga, ndipo zonse anali atazizunguliza n'kuzimanga mfundo yaikulu pamwamba pa mutu. Kagalimoto kanali kobisika pansi pa lona.

"Lero muchita chiyani?" anafunsa mayiyo.

"Kucheza basi, mayi a mwana. Monga mwa masiku onse."

Mayiyo atakhota pakona, Zotsala anakoka lona. Mwana anaima kakasi, manja pakamwa. Kenaka anakuwa, n'kuwadumphira bambo ake m'khosi, chinthu chomwe anali asanachite chaka chathunthu. Munthu wamkulu uja misozi inalengeza m'maso. Anasangalala, inu, anasangalala ngati kuti banja lake lonse labwerera.

Anakankha kagalimotoko mpaka kubwalo la simenti loimikapo malole, lomwe Loweruka linkakhala lopanda kanthu. Mlonda wa pamalopo, amene Zotsala ankamukonzera wailesi, anawatsegulira geti. Mwana anakhala pampando, bambo ake n'kutenga chipewa cholimba chija kuti amuveke. Chipewa chinakana. Mfundo ya tsitsi ija inatchinga.

"Ingondisiyani choncho, adadi."

"Ayi, Bwana. Popanda chipewa sukwera. Mayi ako angandidye wamoyo."

Mwaona? Iye ankadziona kuti lero ndiye akusamala. Anamasula mfundo ija ndi zala zake, zingwe zinagwera kumsana mikanda ikulira, chipewa chinalowa bwinobwino. Anamanga lamba pachibwano, anayesa ngati wagwira, anamugogoda pachipewa ndi chala. Zingwe zinali lende kuseri kwa mpando.

Anakoka chingwe cha injini, inalira kamodzi kokha. Ulendo woyamba mwana anazungulira pang'onopang'ono. Wachiwiri anaponda. Wachitatu anadutsa akukweza dzanja, tsitsi likuuluka kumbuyo, mlonda akuomba m'manja, Zotsala akukuwa kuti, "Wanga ameneyo! Magazi anga amenewo!" Pa ulendo wachinayi, pokhota pakona yakutali, mwana anachepetsa liwiro monga adamuphunzitsira. Mphepo inaleka kunyamula tsitsi, zingwe zinagwa.

Chomwe Zotsala anaona ndi mutu wa mwana ukugwa chagada, ngati wina waukoka kumbuyo. Kagalimoto kanayenda pang'ono mokhotakhota, injini inatsamwa, n'kuzima. Kenaka zii. Mwana sanalire, ndipo kusalirako ndiko kunamuthamangitsa Zotsala.

Sanadziwe kuti bwalo lonse lija analidutsa bwanji. Anapeza tsitsi litakulungika pa ekiselo mpaka kumizu, mikanda itaphwanyika m'mano a tcheni, khosi la mwana litapindikira pamwamba pa mpando. Magazi ankatuluka kunsi kwa chipewa, kutsika ndi msana. Maso anali otsegula, akuyang'ana kumwamba.

"Adadi," anatero mwanayo, mawu ake osamveka bwino.

Zotsala anagwira tayala kuti alizunguze chobwerera. Apo m'pamene mwana anakuwa, kukuwa kwake koti munthu sungakuiwale mpaka kumanda.

"Musakoke!" anakalipa mlonda akufika wefuwefu. "Dulani! Dulani tsitsilo!"

Adule ndi chiyani? M'matumba a ovololo munali masipanala atatu, sikuludalaiva ndi pulagi yakale. Chodulira munalibe. Mlonda anatulutsa kampeni kake kobuntha, ndipo Zotsala anagwada pasimenti n'kuyamba kucheka zingwe zija chimodzichimodzi, akungobwereza kuti, "Usagwedezeke, Bwana, usagwedezeke, ndili pompano." Meshi ndi yolimba, siyiduka msanga. Pomwe ankamaliza, mwana anali atakomoka. Mlonda anaimitsa galimoto yodutsa pamsewu.

Kuchipatala anamulanda mwanayo m'manja n'kumutsekera chitseko. Anakhala pabenchi, ovololo itanyowa ndi magazi, n'kuimbira mayi a mwanayo. Mayiyo anafika atavala epuloni ya ku ntchito, chipeso chili m'thumba, atasiya mutu wa munthu uli theka. Dokotala anatuluka dzuwa litapendeka. Anati mwana akhala moyo, khosi silinathyoke, ndipo athokoze Mulungu kuti injini inali yaing'ono, inazima yokha. Koma khungu lakumbuyo kwa mutu, kuchokera khutu ili kufika linali, linali litasendeka. Adzachita kutenga lina pantchafu n'kumatapo, ndipo pamenepo tsitsi silidzameranso.

Zotsala anayembekeza kuti mayiyo amutukwana, amumenya, amung'ambira malaya. Akanakonda zimenezo. Koma mayiyo anangomuyang'ana.

"Tsitsi lija ndinalimanga pamwamba ndi manja angawa. Analimasula ndani?"

"Ndine. Chipewa chimakana kulowa."

"Nanga kumbuyoko kunalibe chotchinga?"

Zotsala anazyolika. Mayiyo anakhala naye zaka khumi ndi ziwiri, yankho analidziwa lisanatuluke.

"Chinatsala," anatero yekha mayiyo. "Eti? Chinatsala."

"Chinatsala."

"Ine ndimaluka ana a eni tsiku ndi tsiku, bambo a mwana. Wanga ndidzamuluka chiyani?"

Panapita sabata zitatu mayiyo asanamulole Zotsala kulowa m'chipinda cha mwanayo, ndipo anamupatsa mphindi zochepa, mayiyo ataima pakhomo. Mwana anali atagona chammbali, mutu uli m'mabandeji, nkhope itachepa. Zotsala anali atakonzeka kuti mwana amufulatira. Koma mwana anatambasula dzanja.

"Adadi, pepani. Ndinakhota molakwika eti? Kagalimoto kanawonongeka?"

Kalanga ine! Bodza linali pafupi pakamwa pa Zotsala, lija lotuluka mosavuta, lakuti inali ngozi chabe, palibe wolakwa. Koma pakhomo panali maso a mayi uja, ndipo padzanja lake panali kadzanja kotentha.

"Sunalakwe kanthu, Bwana. Unakhota bwino kwambiri. Pali chitsulo chomwe ndinayenera kumanga kumbuyo kwako. Wogulitsa anandiuza katatu. Sindinamange."

"Munaiwala?"

"Sindinaiwale. Ndinachiona, n'kuchisiya."

Mwana anawayang'ana bambo ake kanthawi. Kenaka anabweza dzanja lake pang'onopang'ono n'kulilowetsa m'bulangete. Anatseka maso.

Pakhonde mayi uja anangoti, "Mawu aja munawamva." Zotsala anavomera ndi mutu. Panalibe choti akambirane.

Loweruka lotsatira anatsegula galaja monga mwa masiku onse, chifukwa kunyumba kunali koipa kuposa. Kagalimoto kanali pakati, mlonda ndiye adakabweza. Zotsala anakhala pansi n'kuyamba kumasula zingwe zomwe zinatsalira pa ekiselo. Zinali zitamangika zolimba, zosakanikirana ndi girisi, ndipo ankazichotsa ndi zala, osafuna kuzidulanso. Ali mkati anamva munthu akuodira. Anali mdala uja. Nkhani inali itamupeza.

Sanapereke moni wautali. Anayang'ana kagalimoto, anayang'ana zingwe zomwe zinali pamiyendo pa Zotsala, kenaka maso ake anakwera kukhoma n'kuima pamsomali.

"Mabawuti ali kuti?"

Zotsala analoza chitini. Mdala anagwada movutikira, anafufuza mpaka kupeza kathumba kake komwe, kasanamasulidwe n'komwe. Anatsitsa chivundikiro, anamenya kachitsulo kopindika kaja kawiri ndi nyundo, anapalapo ndi tupa, bowo linalingana. Anamanga bawuti loyamba, lachiwiri, lachitatu, lachinayi. Zotsala ankayang'ana wotchi yakukhoma ngakhale sankafuna. Mphindi zisanu sizinakwane.

"Mukumangiranji tsopano, madala? Akwera ndani?"

"Sindikudziwa. Koma tsiku lina mudzakagulitsa, ndipo wogulayo adzakhala ndi mwana." Anapukuta manja pathalauza. "Chaka changa choyamba chija, wochotsa chivundikiro ndinali ine. Chinkachita phokoso. Mwana amene anakwerayo anali wa eni, ndipo kwa iye injini sinazime. Ndikanakuuzani tsiku lija. Ndinachita manyazi, n'kungokuopsezani. Mbali imeneyo ndi yanga, ndiisenza."

Anatuluka osatsanzika, akukoka mwendo.

Zotsala anatsala yekha. Anakoka zitini ziwiri zija n'kuzikhuthulira pansi. Mawashala, timphira, masipuling'i, mapini, mabawuti mazanamazana zinabalalika pasimenti mpaka kukafika pakabokosi kaja. Anayamba kutola chimodzichimodzi, kuyesa kukumbuka kuti ichi chidachoka m'makina a yani. Chilichonse mwa izo chinali ndi malo ake m'nyumba ya munthu, m'jenereta kapena m'pampu yomwe ikulira mpaka lero, ana akusewera pambali. Anakumbukapo zitatu zokha.

Mwana adachira. Amavala kampango, ndipo sukulu adasintha. Mayi ake sadamuletse kuimbira bambo ake foni, koma mwanayo saimba. Zotsala masiku ano amamanga bawuti lililonse, mpaka makasitomala amadandaula kuti akuchedwa, koma dzina lija lidamukanirira. Lachisanu amasesabe m'galaja, amapukuta kabokosi, amasamba m'manja ndi sopo waufa. Loweruka amakhala moyang'ana kumsewu mpaka dzuwa kulowa, kenaka amatseka.

Mdala uja adanena pogulitsa, adalemba ndi penti, adaimba ndi foni yomwe. Zotsala adayesa phokoso la nkhalamba, osadziwa kuti munthu akamabwerezabwereza chinthu chimodzi, pali chomwe maso ake adaona. Paja akuluakulu adati galu wamkota sakandira pachabe.